Sitima imene mukuidikirayo siili pa ndandanda

Lachiwiri lapitali ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi mwa anthu amene amawerenga zolemba zanga. Dzina sinditchula. Akuti patha pafupifupi chaka akuonera pa YouTube anthu akuyendetsa sitima pakompyuta, ndipo tsopano apeza kompyuta yoti ingathe kunyamula magemu oterewa, koma mtima ukuwakayikitsa. Mawu awo ndi awa, ndangochotsapo moni: "Ena akuti magemu a sitima akufa, atsala ndi madala okhaokha. Ena akuti posachedwapa kubwera gemu yaikulu yokhala ndi njanji za dziko lonse lapansi, ngati mmene Microsoft inachitira ndi ndege. Ndiye ndiyambe panopa kapena ndidikire kaye? Sindikufuna kutaya ndalama pa chinthu choti mawa chatha ntchito."

Achimwene, zikomo polemba. Musadikire. Limenelo ndiye yankho lalifupi, koma poti mwandikanda pomwe pamandiyabwa, khalani pansi timve lalitali.

Lonjezo la njanji za dziko lonse limene mwamvalo si latsopano, enafe linatipusitsapo kale. M'chaka cha 2001 Microsoft inatulutsa Microsoft Train Simulator, yomwe inakonzedwa ndi kampani ya ku Britain yotchedwa Kuju Entertainment. Inali ndi njira zisanu ndi imodzi zokha: Marias Pass ku Montana, njanji ya pakati pa Philadelphia ndi Washington, ya Settle mpaka Carlisle ku England komwe unkayendetsa injini ya malasha yotchuka ya Flying Scotsman, ya Innsbruck mpaka St. Anton ku Austria, ndi ziwiri za ku Japan. Mitengo ya m'mbali mwa njanji inkaoneka ngati yodula pakatoni, koma ife tinkangoti kukamwa yasa. Kenako analengeza kuti kukubwera yachiwiri. Anthu anadikira, mu 2004 n'kumva kuti ntchitoyo yaimitsidwa. Mu 2007 analengezanso, ulendo uno akuikonza okha pogwiritsa ntchito luso la gemu yawo ya ndege, ndipo ananena zomwezi mwamvazi, zoti mudzakhala njanji za dziko lonse. Mu January 2009 Microsoft inatseka nthambi yake ya ACES yomwe inkagwira ntchitoyi, gemu ija n'kufera m'mazira. Amene anati adikira kaye osayamba, anadikira zaka zambiri n'kubwerako chimanjamanja.

Mwina muti nthawi imeneyo luso linali lochepa, pano zinthu zasintha. Zoona, zasintha. Mu 2020 Microsoft Flight Simulator, yomwe inakonzedwa ndi Asobo Studio ya ku Bordeaux, inaonetsa kuti n'zotheka kutenga zithunzi za mlengalenga za Bing Maps n'kupanga nazo dziko lonse loti munthu awulukemo. Koma ndege ndi sitima ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, ndipo kusiyanako kuli pa mtunda wa pakati pa diso ndi nthaka. Ukakhala m'mwamba mamita 3,000, nyumba yopindika denga suiona, msewu wolakwika pang'ono suuzindikira. Kompyuta ikhoza kungoyerekeza, iwe n'kukhutira. Dalaivala wa sitima maso ake amakhala mamita ochepa chabe kuchokera pansi, ndipo chilichonse chimene akudutsa chili ndi ntchito. Siginolo iyenera kukhala pamalo pake penipeni, ndiponso iyenera kudziwa kuti ikulankhulana ndi siginolo iti kutsogolo. Chikwangwani cha liwiro, kutalika kwa pulatifomu, pomwe njanji ziwiri zakumana, pomwe chitunda chayambira ndi kukula kwake, zonsezi chithunzi cha mlengalenga sichingakuuze. Njanji ikalowa m'ngalande yoboola phiri ndiye satelaiti siionanso n'komwe. Komanso malamulo a masiginolo a ku Germany si a ku Britain, a ku Britain si a ku Poland, ndipo ku America kampani ina ndi ina zimasiyana.

Ndikuonetseni pafupi, kuti muone chimene ndikutanthauza. Pa njanji za ku Germany pali chitetezo chotchedwa PZB. Pambali pa njanji pamakhala timabokosi ta maginito, ndipo injini imakhala ndi kake komvera. Ukamadutsa siginolo yochenjeza, imene nthawi zambiri imakhala pafupifupi kilomita imodzi usanafike pa siginolo yaikulu, ndipo ikusonyeza kuti kutsogolo kuli kofiira, uli ndi masekondi anayi oti udine batani lovomera kuti waona. Ukapanda kudina, mabuleki amadzimanga okha mpaka sitima kuima njii. Ukadina, nkhani sinathe: ngati uli pa sitima yothamanga yonyamula anthu, uyenera kutsitsa liwiro kufika pansi pa makilomita 85 pa ola m'masekondi 23. Kutsogoloko, pafupi ndi siginolo yofiira ija, pali maginito ena okuyesanso. Apo n'kuti phazi lako likuponda ndi kusiya chopondera cha Sifa pasanathe masekondi 30 alionse, posonyeza kuti sunagone. Tsiku loyamba limene ndinayatsa zinthu zimenezi m'gemu, ndinaimitsidwa kanayi pa ulendo wa mphindi makumi awiri. Kachitatu ndinadina batani bwinobwino, n'kudzitama, kenako n'kuiwala kumanga mabuleki. Ndinakhala pamenepo ndikuyang'ana kanyali kakuphethira, panja m'gemumo mvula ikugwa, ndikuchita manyazi ngati pali wina akundiona.

Tsono taganizani. Kuti kamphindi kameneko katheke, munthu wina anakhala pansi n'kuika maginito aliwonse pamalo pake, n'kuwalumikiza ndi siginolo yake, n'kuyesa kambirimbiri. Njira imodzi ya makilomita 80 imadya gulu la anthu miyezi yambiri. Ndiye dziko lonse? Chimene chingatheke ndi chakuti kompyuta ithandize pa ntchito yotopetsa: kuumba mapiri kuchokera ku miyezo ya lidar (makina oyeza nthaka ndi kuwala kwa laser), kudzala nkhalango, kuyala nyumba zakutali ndi njanji potsatira mapu. Zina mwa izi okonza magemu akuchita kale, ndipo ndikuona kuti zipitirira, njira zizitalika. Koma gemu yoti mungoloza paliponse pamapu n'kuyamba kuyendetsa sitima yotsata malamulo enieni a kumeneko, imeneyo musaiwerengere. Wina akadzaitulutsa, ndikukayika ngati idzakhale yoposa ulendo wokaona malo.

Nanga zoti magemuwa akufa? Mawu amenewa ndakhala ndikuwamva kuyambira tsiku limene ndinayamba. Koma tawerengani nokha. Kuju itasiyana ndi Microsoft inatulutsa Rail Simulator mu 2007. Imeneyo inabala RailWorks mu 2009, yomwe inadzasintha dzina kukhala Train Simulator, ndipo lero ikutchedwa Train Simulator Classic. Eni ake, Dovetail Games a ku Chatham m'chigawo cha Kent, anayambitsanso Train Sim World mu 2017, n'kuifikitsa pa PlayStation ndi Xbox, kumene kuli achinyamata ambiri osati madala aja akunenedwa. Mu 2023 kampani ya ku France ya Focus Entertainment inagula Dovetail. Munthu sagula ng'ombe yakufa. Chaka chomwecho SimRail ya ku Poland inatuluka pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, Railroader inatulukanso chakumapeto kwake, ndipo Derail Valley, yomwe inayamba mu 2019, inalandira update yaikulu, kutanthauza kuti anaikonzanso kwambiri. Pafoni ndiye magemu a sitima ali mbwee, ngakhale ambiri ndi ongopititsa nthawi. Chimene chinafa ndi maloto oti padzakhala gemu imodzi yokhutiritsa aliyense. Anthu a masewerawa anagawikana, ndipo ine sindiona vuto pamenepo.

Mantha anu a ndalama ndiwo ali ndi maziko, ndipo apa ndichedwapo. Magemu akuluakuluwa sapezera phindu pa gemu yeniyeniyo. Phindu lili pa zowonjezera, zija timati DLC: njira iyi payokha, injini iyi payokha. Mukaphatikiza mtengo wa DLC yonse ya Train Simulator Classic pa Steam mupeza madola masauzande angapo, ndipo anthu osadziwa amakonda kujambula chiwerengerocho n'kumatiseka. Koma palibe amene amayenera kugula zonse. Zili ngati sitolo ya mabuku, sulowamo kuti utuluke ndi mashelefu onse. Vuto lenileni lili mwa ife ogula. Ikafika nyengo yotsitsa mitengo, umaona njira ya ku Switzerland, uku ya ku Scotland, uku injini ya malasha, basi ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ine ndili ndi njira zimene ndinagula zaka zinayi zapitazo zomwe sindinayendepo kufika kumapeto ngakhale kamodzi. Sindinganamizire wina, dzanja lake linali langa.

Chimene chimandiwawa ndi china. Pali injini ina imene ndinkaikonda kwambiri, ya kampani yaing'ono imene sindiitchula. Gemu yaikulu italandira update, nyale za injiniyo zinasiya kuyaka ndipo mabuleki anayamba kuchita zachilendo. Okonza gemu anati si katundu wawo, okonza injini anali atasiya kale bizinesi. Ndalama zanga zinathera pamenepo. Izi zimachitika, ndipo zizichitikabe, chifukwa pogula DLC sugula chinthu choti n'kuchiika m'kabati, umagula chilolezo chochigwiritsa ntchito malinga ngati zonse zozungulira zikuyenda. Palinso nkhani ya malaisensi. Makampani a njanji ndi eni mayina ndi zizindikiro zawo, ndipo okonza gemu amayenera kupempha chilolezo. Mgwirizano ukatha kapena kampani ya njanjiyo ikasintha maganizo, sitima imachotsedwa pamsika, kapena imatuluka yopanda dzina m'mbali, mtundu wokhawokha. N'chifukwa chake mumaona mayiko omwewomwewo akubwerezedwa, Britain, Germany, America, kenako Austria ndi Switzerland mwa apo ndi apo. Ndi kumene kuli ogula ambiri, ndiponso kumene zitseko za makampani a njanji zinatseguka kale.

Kunena chilungamo, si zonse zoipa. Amene anagula RailWorks kalekale ankalandira gemu ya chaka chotsatira osalipiranso, ndipo njira zambiri za Train Sim World yakale zimasamukira mu yatsopano. Koma kachitidwe kotulutsa nambala yatsopano pafupifupi chaka chilichonse, 3 mu 2022, 4 mu 2023, 5 mu 2024, kamatopetsa anthu ambiri, makamaka akaona kuti zolakwika zakale zikadalipo pamene mitambo ndi kuwala kwa dzuwa zakongoletsedwanso. Chikomekome cha mkuyu. Ine mitambo yokongola ndimaikonda, sindinama, koma pakatha sabata suionanso. Chimene umaona tsiku lililonse ndi siginolo imene yakana kutseguka chifukwa sitima ya kompyuta yaima penapake popanda chifukwa.

Tsopano funso lanu lenileni, lakuti n'chiyani chimene sichidzatha ntchito mawa. Yankho lake likudabwitsani: ndi gemu ija ya 2001. Microsoft inaisiya kalekale, koma inali itaika m'bokosi momwemo zida zomangira njira, ndipo mafayilo ake anthu anawaphunzira mpaka kuwadziwa ngati chikhatho chawo. Anthu wamba, ena ogwira ntchito za njanji, ena aphunzitsi, ena ana asukulu, anamanga njira ndi mainjini masauzande, a ku India, Italy, Hungary, Brazil ndi kwina kumene kampani iliyonse sikanapitako. Gemuyo itayamba kuvuta pa makompyuta atsopano, gulu la anthu ongodzipereka linalemba pulogalamu yatsopano yaulere, Open Rails, yoti izitha kuwerenga mafayilo akale aja. Inafika pa 1.0 mu 2015 ndipo akuikonzabe. Njira imene munthu anamanga mu 2004 ikuyendabe lero, ndipo ikuyenda bwino kuposa kale. Nkhani yofanana ndi ya gemu ya BVE ya ku Japan, imene munthu mmodzi anayamba m'zaka za m'ma 1990 n'kumaigawa kwaulere, kenako ena n'kupanga openBVE. Trainz, yomwe kampani ya Auran ya ku Australia inatulutsa mu 2001, yakhalitsa chifukwa cha Surveyor, chida chomangira chosavuta moti ngakhale mwana amayala njanji tsiku loyamba, ndi Download Station komwe osewera aunjikako zinthu zoposa 100,000.

Choncho ndikafuna kudziwa ngati gemu ili ndi tsogolo, sindiyang'ana kanema wotsatsa malonda. Ndimafunsa kuti: eni ake atatseka ofesi mawa, ife tingapitirize? Kodi zida zomangira zili m'manja mwa anthu? Kodi imayenda popanda kulumikizana ndi seva ya kampani, kompyuta yawo ya pa intaneti yoyendetsera gemu? Train Sim World inatha zaka zisanu ndi chimodzi osewera akulirira chida chomangira njira, ndipo chinabwera mu 2023, cha pa PC pokha, cholemera komanso chovuta kuphunzira chifukwa chinamangidwa pa Unreal Engine, pulogalamu yaikulu yopangira magemu. Apa pali msampha umene sindikuona potulukira pake msanga. Zithunzi zikamakongola, ntchito yomanga imakula. Kale munthu mmodzi ankatha kumaliza njira m'nyengo imodzi ya tchuthi. Lero kuti njira ifanane ndi zimene maso a anthu azolowera, pafunika gulu, ndipo gulu limafuna malipiro. Tikupeza kukongola, tikutaya amisiri a m'nyumba. Ndimadandaula nazo kuposa mtengo wa DLC.

Koma pali mbali imene imandipatsa chiyembekezo, ndipo ndi imene ndikuganiza kuti ndiko tikulowera. Kwa zaka zambiri magemu a sitima anali a munthu mmodzi. Umayendetsa wekha m'dziko la zidole, masiginolo akutsegulidwa ndi kompyuta, anthu a papulatifomu akuyenda ngati ogona. Njanji yeniyeni si choncho. Ndi ntchito ya anthu ambiri odalirana, ndipo dalaivala ndi mmodzi chabe mwa iwo. Run 8 ya ku America inazindikira izi kalekale. Maonekedwe ake si oti n'kuwanyadira, koma magulu a anthu amakumana pa seva, wina akuongolera masitima, wina akusanja mabogi ku Barstow, ku California, wina akukwera mapiri a Tehachapi a komweko ndi katundu amene mnzake adzamulandire mawa. SimRail inatenga ganizo lomweli n'kulifewetsa kuti aliyense alowe. Okonza ake, a SimKol, amapanganso makina ophunzitsira madalaivala enieni. Pa seva pamayenda ndandanda ya tsiku lonse pa njanji ya Katowice mpaka Warszawa, ndipo iwe umasankha: kutenga sitima, kapena kukhala m'nyumba ya masiginolo n'kumatsegulira anzako njira. Pomwe palibe munthu, kompyuta imagwirizira.

Usiku wina ndinatenga injini yakale ya EU07. Ndinanyamuka mochedwa ndi mphindi zisanu ndi imodzi, kulakwa kwanga, ndinachedwa kukonzekera. Nditayandikira siteshoni ya Psary ndinaona siginolo ikundipatutsira pa njanji yam'mbali, kenako kofiira. Ndinaima. Kunja mdima, kumangomveka kulira kwa makina a injini. Panadutsa mphindi zitatu, zinayi. Kenako uthenga unabwera kuchokera kwa amene anali pa masiginolo, munthu amene sindikumudziwa ndipo sindidzamuonapo, m'Chingerezi chothyokathyoka ngati changa chomwe: ndidikire pang'ono, kumbuyo kwanga kukubwera sitima yothamanga kwambiri ya Pendolino. Posakhalitsa nyale zinatulukira, chinthu chija n'kudutsa ngati mphepo, mawindo owala ali ndondondo, ndipo mkati mwakemo munalinso munthu wina, kwinakwake padziko lapansi, amene ulendo wake sunasokonezeke chifukwa ine ndinapatutsidwa. Siginolo inasintha, ndinaliza hutala kamodzi, n'kunyamuka. Mphindi zimene ndinakhala chiimire osachita kanthu zija ndi zimene ndimakumbukira kuposa maulendo ambiri amene ndinayenda ndekha pa njira zokongola kwambiri.

Zili ndi zovuta zake, musaganize kuti ndi paradaiso. Mukhoza kupeza wa masiginolo amene angoyamba kumene, watsekereza siteshoni yonse, masitima asanu ali pamzere, aliyense akulemba zaukali. Mukhozanso kupeza mwana wosokoneza dala. Ndipo gemu yodalira seva ili ndi chiopsezo chija ndanena: seva ikazimitsidwa, mbali yokomayo yapita. Intaneti yanunso iyenera kukhala yosadukaduka, chifukwa ikaduka pakati pa ulendo sitima yanu imatengedwa ndi kompyuta kapena munthu wina.

Chinanso chimene chikukula, mwakachetechete, ndi kulemera kwa sitima. Ndikutanthauza mmene gemu imakumvetsera kuti kumbuyo kwako kuli matani masauzande. Gudumu lachitsulo pa njanji yachitsulo siligwira ngati tayala pa tara, ndiye chifukwa chake sitima imakoka katundu wambiri ndi mphamvu yochepa, ndiponso chifukwa chake imavuta kuimitsa. Mabuleki a mpweya, amene George Westinghouse anayambitsa cha m'ma 1869 n'kuwakonzanso patapita zaka zochepa, amagwira ntchito mozondoka: paipi yodutsa sitima yonse imakhala yodzaza mpweya, ndipo kuti umange mabuleki umatulutsako mpweyawo. Pa sitima ya katundu ya ku America, yotalika makilomita awiri kapena kuposa, bogi yakumapeto imamva mochedwa zimene wachita kutsogolo. Choopsa n'chakuti sungamasule pang'ono, ukamasula wamasula zonse, ndipo matanki a m'mabogi amafuna mphindi zingapo kuti adzazenso. Ukamangomanga n'kumasula, kumanga n'kumasula potsetsereka, umapezeka mpweya watha, sitima ikuthamangirabe kumunsi. Magemu akale ankangoyerekeza zimenezi. Atsopanowa, ndi Open Rails yomwe, akuwerengera bogi iliyonse payokha. Derail Valley inawonjezapo mantha: ukagwetsa sitima umalipira kuchokera m'thumba la m'gemumo, ndiye umaphunzira kulemekeza chitunda. Ku Germany kuli Zusi 3 ya Carsten Hölscher, imene mtundu wake wina amaphunzitsira madalaivala enieni. Ukaiona koyamba ungati ndi ya zaka khumi ndi zisanu zapitazo, koma pa malamulo a njanji palibe amene amaitsutsa.

Za magalasi a VR, aja ovala kumaso kuti uzidziona ngati uli mkati mwa gemu, sindinena zambiri. Mu Derail Valley n'zokoma kugwira handulo ndi dzanja lako n'kusuzumira pawindo pobwerera m'mbuyo, koma ulendo wa maola awiri chinthu chili kumaso, thukuta lili kamukamu, si onse angapirire. Ndimaona kuti zikhala za anthu ochepa. Chimene chikufala kwambiri ndi anthu kudzipangira okha tebulo la dalaivala. Kale anthu ankagula tebulo lopangiratu lotchedwa RailDriver, lero munthu amatenga kabolodi kamagetsi ka Arduino, mahandulo osindikiza pa makina a 3D, n'kulumikiza. Kusiyana kwa kudina kiyibodi ndi kukoka handulo ya mabuleki n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa gemu ya chaka chino ndi ya chaka chatha.

Mundilole ndipatukeko pang'ono kupita ku Japan, chifukwa kumeneko anatenga njira yawoyawo. Densha de Go! ya kampani ya Taito, imene inayamba m'zaka za m'ma 1990 pa makina oponyamo ndalama, siisamala za kuyendayenda m'dziko lalikulu. Nkhani yake ndi imodzi: ima pa chizindikiro, osapitirira ngakhale mita, pa sekondi imene yalembedwa. Mu 2022 kampani ya njanji ya JR East inatulutsa gemu yakeyake pa Steam mogwirizana ndi Ongakukan, ndipo m'malo mojambula dziko pakompyuta, anagwiritsa ntchito kanema weniweni wojambulidwa kutsogolo kwa sitima, amene amathamanga kapena kuchedwa potsatira liwiro lako. Palibe gemu ingapose kanema pa kuoneka zenizeni. Koma dzuwa la tsiku limene anajambulalo ndi lomwelo mpaka kalekale, ndipo sungatuluke kukayang'ana kumbuyo. Chondisangalatsa pa nkhaniyi si kanemayo ayi, koma kuti kampani ya njanji yeniyeni inaona kuti anthu ngati ife ndi ofunika kuwagulitsa kanthu. Makampani ena atatengerapo, vuto la malaisensi lija likhoza kupepuka.

Ndiye muchite chiyani, achimwene? Yambani ndi zaulere. Tsitsani Open Rails, pali njira zoyambira zosafuna kuti mukhale ndi gemu yakale ija, kapena openBVE, muone ngati mtima wanu ukupirira kukhala mphindi makumi anayi mukuyang'ana njanji ndi geji. Kuonera pa YouTube n'kosiyana ndi kuyendetsa, kumeneko amadula malo otopetsa. Mukaona kuti zakulowani, dzifunseni chimene chimakukokani. Ngati ndi kukongola ndi kulowa msanga, Train Sim World. Ngati ndi kumanga dziko lanu, Trainz. Ngati mukufuna anthu, SimRail, kapena Run 8 ngati mumakonda katundu wolemera ndipo simuopa kuwerenga malangizo ataliatali. Musanalipire onani zimene gemuyo imafuna pa kompyuta, makamaka khadi la zithunzi ndi malo osungira, chifukwa njira zatsopanozi zimadya magigabaiti ambiri. Pa Steam mukhoza kubweza gemu ngati simunaisewere maola opitirira awiri ndipo sipanathe masiku 14, choncho maola awiri oyambawo muwagwiritse ntchito mwanzeru, osati kuthera posankha mtundu wa chipewa cha dalaivala.

Ndipo mukagula, gulani njira imodzi. Imodzi yokha. Madalaivala enieni saloledwa kuyenda pa njanji imene sanaiphunzire, amayamba akwera ndi anzawo maulendo ambiri mpaka adziwe siginolo iliyonse ndi malo oyambira kumanga mabuleki. Chitani chimodzimodzi. Yendani njirayo masana, usiku, mumvula, ndi sitima yoima paliponse, ndi yothamanga, ndi ya katundu. Pakatha milungu iwiri zimitsani zothandizira zonse za pasikirini, zija zimakuuzani liwiro ndi mtunda wotsala, mutsale ndi geji ndi maso anu. Poyamba mupitirira masiteshoni, mudzaima bogi imodzi yokha ili papulatifomu. Kenako tsiku lina mudzapezeka dzanja lapita lokha pa handulo mutangoona mlatho winawake, chifukwa thupi ladziwa kuti siteshoni ili pafupi. Ine njira yanga yotero ndi ya Settle mpaka Carlisle. Ndaiyendapo m'magemu atatu osiyana, ndipo nthawi iliyonse ndikatulukira pa mlatho wa Ribblehead ndimayamba kuwerenga zipilala zake zokhota zija, zilipo 24, ngakhale ndili m'kachipinda ka dalaivala momwe sizioneka bwino. Mukasankha yanu mundilembere, mundiuzenso kuti PZB yakuimitsani kangati tsiku loyamba.